Njinga Yopanda Bulubuku

Bambo Amos Chagwanjira adafika ku Kaseye, m'boma la Chitipa, m'chaka cha 1981, boma litawasamutsa kuchokera kwawo ku Ntcheu. Adali mlangizi wa zaulimi. Alimi adawazolowera msanga, chifukwa ngakhale Chitumbuka chawo chidali chopunduka, sankadutsa munthu osapereka moni. "Monire mose," ankatero, kenaka n'kuthawira m'Chichewa, alimiwo akuseka. Mkazi wawo, Mayi Phyllis, ankatsogolera amayi kutchalitchi. Ana adali awiri okha: Cuthbert, amene adamaliza Folomu 4 koma osapeza malo kukoleji, ndi mlongo wake Esnat wa Sitandade 8, amene ankalakalaka unamwino. Pakhomopo chakudya sichinkasowa, ndipo tsiku silinkatha banja lisanapemphere pamodzi.

Bondo la Bambo Chagwanjira litayamba kuvuta, kupalasa kudawakanika. Adagula kanjinga kamoto kakale kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito, kaja anthu ankakatcha kafifite. Cuthbert ndiye adaphunzira kukayendetsa, ndipo m'mawa uliwonse ankabereka bambo ake kupita nawo kuminda ya alimi. Kankalira tsiku ndi tsiku osavuta, koma mphamvu kadalibe. Pachitunda Cuthbert ankachita kukathandiza ndi mapazi. Chaka choyamba ankanyada nako. Chaka chachiwiri adayamba kuchita nako manyazi.

Loweruka lina mu Ogasiti 1988, Cuthbert adapita kumsika wa pa Boma kukagulitsa mazira a nkhuku zake. Akuimika kafifite, pambali pake padaima njinga yamoto yaikulu yofiira, yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo. Mwini wake adali Stefano, mnyamata wa zaka pafupifupi makumi atatu, amene ankatchuka ndi malonda odutsa malire a Tanzania. Chimene ankagulitsa kwenikweni palibe ankachitchula mokweza.

"Ndugu, m'bale wanga," adatero Stefano akuloza kafifite ndi phazi, "ichi n'chiyani? Makina osokera?"

Anyamata amene adali pamenepo adafa nacho chiseko.

"Usakwiye, mwana wa mlangizi. Kwera iyi, ulawe pikipiki yeniyeni."

Cuthbert adakwera. Atangopotoza dzanja pang'ono, njingayo idalumpha ngati mbawala. Mphepo idamutulutsa misozi, mitengo ikuthawira kumbuyo. Chitunda chimene kafifite kankalira nacho adachikwera osachizindikira. Atabwerera adatsika, koma mtima udali utatsala panjingapo.

"Ndikuigulitsa," adatero Stefano. "Ukaganize."

Madzulo ake Cuthbert adapeza bambo ake pakhonde akukonza mpope wopopera mankhwala, ndipo adawafotokozera zonse.

"Kufuna njinga yaikulu si tchimo," adatero Bambo Chagwanjira. "Nanenso kafifite kamandipweteka msana. Koma njinga yogwirapo kale ntchito sagula ngati nthochi. Adaigula kwa yani Stefanoyo? Bulubuku, buku lija losonyeza mwini wake wa njinga, wakuonetsa? Nambala ya painjini ikufanana ndi ya m'bukumo?"

"Akuti bukulo likubwera."

"Ndiye nafenso tikubwera. Dikira tikolole. Tidzafunafuna kwa munthu wodziwika, wa mapepala ake. Ngati mtima ukukuvuta, pita nayo kwa a Wilson akaione. Chimene akanene, ukamve."

A Wilson adali makaniko wachikulire amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi Boma. Lolemba Cuthbert adapita nayo njinga ija kumeneko, Stefano atatsalira chapatali akusuta fodya. A Wilson adaizungulira kawiri, adailiza, n'kuizimitsa. Kenaka adagwada, adatulutsa kampeni n'kupala penti pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi la njinga.

"Pulika, mwana wane, mvetsera bwino," adatero motsitsa mawu. "Ona apa. Njinga iyi idagwapo kugwa koopsa. Khosi lidathyoka, wina adaliwotcherera n'kupakapo penti. Adawotcherera mwaulesi. Tsiku lina lidzathyokanso, ndipo silidzakuuza tsiku lake. Tsopano ona painjini. Nambala ili kuti?"

Cuthbert adasuzumira. Pamalo pa nambala padali posalala.

"Adaifafaniza ndi tupa. Njinga yopanda nambala ili ndi mwini wake amene akuilira kwinakwake. Ibweze."

Cuthbert adaibweza, koma Stefano adangoseka. "Mdala uja ali ndi chinjinga chake chakutha chimene akufuna kukugulitsa. Ine ndayenda nayo iyi mpaka ku Mbeya kasanu. Ndafa?" Kenaka adamukokera kuseri kwa sitolo. "Ndalama ulibe, ndikudziwa. Undipatse kafifite kako, ndi matumba khumi ndi awiri a feteleza. Basi."

"Feteleza ndimutenga kuti?"

"Usadzipusitse. Shedi ili kuseri kwa nyumba yanu. Kiyi amasunga ndi bambo ako."

"Uja ndi wa alimi a m'makilabu."

"Matumba mazana atatu. Khumi ndi awiri ndani angawaone? Adzati alakwitsa kuwerenga ndi a lole. Kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania, feteleza ndi golide, ndugu. Kapena uzingoyendabe pamakina ako osokera."

Cuthbert adalimbana nayo nkhaniyo milungu isanu. Ankati akaiwala, n'kumva njinga yofiira ikudutsa pamsewu, Stefano akuliza huta dala. Lamulungu lina mu Okutobala adadzuka atadzifunditsa bulangete.

"Malungo, amayi. Kutchalitchi sindikwanitsa."

Mayi Phyllis adamugwira pamphumi. "Thupi silikutenthatu."

"Ali m'mafupa."

Adamusiyira mankhwala ndi tiyi, onse n'kupita. Belu lachiwiri litangolira, Cuthbert adalowa kuchipinda kwa bambo ake, komwe sadalowemo chikulire, n'kutenga kiyi m'thumba la jekete. Ngolo ya ng'ombe yotumidwa ndi Stefano idafika kudzera kanjira kakuseri. Adachotsa matumba apakati pa mulu, n'kusanjanso akunja bwinobwino kuti dzenje lisaoneke. Nyimbo za kutchalitchi zinkamveka mpaka m'shedimo. Pamene banja linkabwerera, Cuthbert adali pamphasa, ndipo thukuta lake lidali lenileni.

Patapita masiku awiri adalowa pakhomo ndi njinga yofiira. Bambo ake adatuluka m'nyumba akutsimphina.

"Kafifite kali kuti?"

"Tasinthana. Ndawonjezera za nkhuku zanga."

"Nkhuku makumi awiri zagula njinga iyi? A Wilson anati chiyani?"

"Anati ili bwino."

Bambo Chagwanjira adamuyang'ana nthawi yaitali. "Bulubuku?"

"Likubwera."

"Mwana wanga, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kanjinga kaja kadali miyendo yanga, ndipo wakagulitsa osandifunsa. Bweza ichi lero lomwe."

"Sindine mwana, bambo. Anthu atiseka mokwanira."

"Ndiye ine pamenepo sindikwerapo."

M'mawa mwake mkuluyo adatsitsa njinga yake yakapalasa kudenga, adaipopa, adamanga bondo ndi nsalu n'kuuyamba ulendo wa kuminda. Cuthbert adawadutsa panjira, fumbi lake likuwakwirira. Masiku amenewo ankangokhalira pa Boma ndi pamsika wa pa Lufita. Anyamata aja ankamuseka tsopano ankamuitana kuti bwana, ndipo iye ankawagulira mowa. Nthawi ya mapemphero mpando wake unkakhala wopanda munthu.

Tsiku logawa feteleza lidafika mu Novembala, mitambo itayamba kudera. Alimi adasonkhana ndi ngolo ndi njinga zawo. Padalinso tcheyamani wa chipani wa m'deralo ndi anyamata ake a yunifolomu, pakuti masiku amenewo panalibe msonkhano wochitika iwo palibe. Atachotsa mizere iwiri yakunja, mulu udagwera m'kati. Adawerenga kawiri, ndipo matumba khumi ndi awiri adasowa.

"A mlangizi," adatero tcheyamani, "loko sadathyole. Denga ndi lathunthu. Feteleza wa boma wapita kuti? Kapena ndinu amene mukudyetsa a kutsidya?"

Mawu amenewo adali oopsa. Wogwira ntchito m'boma akaganiziridwa kuti akuzembetsa katundu kunja kwa dziko, nkhani yake sinkathera pafupi. Bambo Chagwanjira adatembenuka pang'onopang'ono. Adayang'ana njinga yofiira imene idaima pansi pa mtengo, kenaka adayang'ana mwana wawo. Cuthbert adaweramitsa mutu. Bambo ake adadikira. Iye sadatsegule pakamwa.

"Kiyi ndimasunga ndine," adatero mkuluyo pomaliza. "Palibe wina."

Apolisi adafika masana n'kuwatenga pa galimoto, alimi amene adawaphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri akuonerera.

Anthu atabalalika, Mayi Phyllis adamuitanira Cuthbert m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Lamulungu lija unadwala malungo ochira tsiku limodzi."

"Amayi, ine sindikudziwapo kanthu."

"Ndidakubereka ndine. Bambo ako akudziwa, n'chifukwa chake anyamula mlandu wako. Bondo lija akagona nalo pasimenti. Pita ukanene."

Cuthbert sadapite kupolisi. Adathamangira kwa Stefano, n'kumupeza pa Lufita akudya nyama yootcha.

"Tenga njinga yako, undibwezere matumba aja. Awamanga bambo."

"Pole sana, pepa kwambiri," adatero Stefano akupukuta zala. "Feteleza uja chimanga chake chamera kale kutsidya. Ndipo ndikuuze, ndugu. Ukatchula dzina langa, apolisi adzafuna kuona nambala ya pikipiki yakoyo. Ine ndikawoloka mtsinje ndafika kwa amalume. Iwe udzathawira kuti? Wakuba feteleza ndiwe, wosunga njinga yakuba ndiwenso. Khala chete. Mdala ndi wachikulire, amumvera chisoni."

Cuthbert adakhala chete milungu itatu. Mayi ake ankayenda wapansi kupita ku Boma kawiri pamlungu atasenza chakudya, ndipo ankakana kukwera njinga yake. Adasiya kumulankhula. Ankangomuikira mbale pakhomo la chipinda chake. Kalata idabwera yoti malipiro a Bambo Chagwanjira aimitsidwa. Alimi amene adaperewera feteleza ankadutsa pakhomopo osapereka moni. Cuthbert ankadziuza tsiku lililonse kuti mawa akanena, mawa likafika n'kuona ndende m'maso mwake, n'kukhalanso pakhomo.

Tsiku la mlandu, mayi ake adanyamuka m'mamawa. Mvula idali itagwa yambiri dzulo lake. Cuthbert adakhala pakhonde atagwira mutu. Esnat adatuluka atavala yunifolomu yake ya sukulu, koma m'malo mopita adadzakhala pambali pake.

"Achimwene, Lamulungu lija tikuchokera kutchalitchi ndidaona mapazi a ng'ombe ndi mateyala a ngolo kuseri kwa shedi. Sindidauze munthu. Ndimati munena nokha."

Esnat adasendera pafupi n'kupitiriza.

"Aphunzitsi akuti bambo akhoza kupatsidwa zaka zisanu. Ndi bondo lija, mukuganiza adzatuluka amoyo? Inu ndinu wachinyamata, mukhoza kupirira. Ndizidzabwera kudzakuonani mwezi uliwonse."

Apo Cuthbert adalira ngati mwana. "Ndikuopa, Esnat."

"Ndikudziwa. Tiyeni."

"Iwe pita kusukulu. Ndipita ndekha."

"Ayi. Mukapita nokha mubwerera panjira. Ndikuperekezani mpaka pakhomo la khoti."

Cuthbert adakumbukira mawu a a Wilson, koma dzuwa lidali litakwera kale ndipo khoti linkayamba 9 koloko. Adaganiza kuti khosi limene lapirira miyezi iwiri lipiriranso tsiku limodzi. Esnat adakwera kumbuyo, adakulunga siketi yake bwinobwino n'kumugwira m'chiuno. Chisoti panalibe ndi mmodzi yemwe amene adavala.

Cuthbert adathamanga kuposa masiku onse. Atatsala pang'ono kufika pa Lufita, pamtsetse, adaona kuti madzi a mvula adakumba ngalande yodula msewu. Akadakhala pa kafifite akadaima ndi mapazi omwe. Njinga iyi idali yolemera, ndipo liwiro lake lidaposa luso lake. Adaponda buleki, teyala lidatsetsereka m'matope, lakutsogolo lidalowa m'ngalandemo. Adamva kulira kwa chitsulo chikuthyoka, chiwongolero chidatsala m'manja mwake, manja a Esnat n'kuchoka m'chiuno mwake.

Adatsitsimuka tsiku lachitatu m'chipatala cha pa Boma. Pambali pa bedi padakhala wapolisi. Mwendo wakumanja unkamupweteka kwambiri, koma atayang'ana pansalu adaona kuti kuyambira pabondo kutsika padali pathyathyathya.

"Mlongo wanga ali kuti?" adafunsa namwino.

Namwinoyo adakonza pilo, n'kuyang'ana wapolisi.

"Adamenyetsa mutu pamwala," adatero wapolisiyo. "Adathera pomwepo. Amuika dzulo ku Kaseye. Bambo ako tidawaperekeza kumanda, n'kubwerera nawo."

Cuthbert adakuwa mpaka odwala ena adadzuka pamabedi awo. Mawu atamuthera, adapempha wapolisiyo kuti atulutse pepala, ndipo adaulula zonse: kiyi, ngolo, matumba, Stefano, ndi bodza lake lokhudza a Wilson. Zimene adalephera kunena milungu itatu zidatenga mphindi zochepa chabe.

Stefano adali atawoloka kale Songwe, ndipo sadaonekenso ku Chitipa. Njinga ija idapezeka kuti idabedwa ku Tanzania kwa munthu wina amene ankayendera odwala kumidzi. Bambo Chagwanjira adawatulutsa patatha mlungu umodzi, koma ntchito idawathera, chifukwa adalephera kusamala katundu wa boma ndiponso adabisa wolakwa. Adawapatsa masiku khumi ndi anayi kuti atuluke m'nyumba ya boma.

Tsiku lonyamuka adafika kuchipatala atagwira ndodo. Adali ataonda, tsitsi litayera. Adakhala pampando pafupi ndi bedi.

"Amayi ali kuti?" adafunsa Cuthbert.

"Ali panja, pa lole ya katundu. Akuti sangathe kulowa."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Ndidakukhululukira ndili m'chitolokosi muja. Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Tsiku lija pashedi ndikadanena zoona, ukadakhala m'ndende ndi miyendo iwiri, ndipo mlongo wako akadakhala m'kalasi. Ndimati ndikukuteteza." Adapukuta m'maso ndi chipewa. "Pempha Mulungu, amakhululukira ngakhale zoterezi. Koma Esnat sindingamudzutse, ndipo mayi ako sindingawakakamize. Tikupita ku Ntcheu opanda mwana ndi mmodzi yemwe. Wina tikumusiya m'nthaka ya eni ake, wina m'manja mwa boma."

Adamugwira paphewa, adapemphera mwachidule, n'kutuluka. Cuthbert adadzikokera pazenera. Adaona lole itadzaza mipando, mabedi ndi madengu, mayi ake atakhala pamwamba pa matiresi atafunda chitenje kumutu. Adagogoda galasi ndi chikhatho. Mayiwo sadacheuke, ndipo lole idanyamuka.

Bala litapola, khoti lidamupatsa zaka zinayi. Bambo ake ankamulembera kalata kawiri pachaka. M'chaka chachitatu kalata idabwera ya dzanja la mbusa, yonena kuti Bambo Chagwanjira adamwalira. Atatuluka m'ndende, Cuthbert adalibe nkhope yopita nayo ku Ntcheu. Adatsala pa Boma, akusoka nsapato pakhonde la sitolo, ndodo zake zili pambali. Chaka chilichonse mvula ikamayamba ankapempha malo pangolo kupita ku Kaseye kukalambula manda a mlongo wake.

Achinyamata, Cuthbert sadabadwe wakuba. Adangolephera kupirira kusekedwa ndiponso kudikira nyengo imodzi ya zokolola. Bambo ake adamuchenjeza, mmisiri adamuonetsa ndi chala, mayi ake adamupatsa mpata wolapa, koma iye adamvera munthu amene ankamunyadiritsa. Mukafuna chinthu, chifuneni poyera. Funsani mwini wake ndani, onani mapepala, mverani odziwa, ndipo musakwere chimene simungathe kuchiimitsa. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Tchimo limayamba mwa munthu mmodzi, koma pokolola limalowa m'nyumba yonse, ndipo nthawi zambiri limayamba kukantha amene sadalakwe.